Kamtengo ka m'paipi ya petulo

Mayi anga atamwalira, bambo anasudzulidwa pa tsiku lometa. Ndiwo mwambo wa kwathu ku Dowa: mkazi akatisiya, eni mbumba amathokoza mkamwini, kumumasula, iye n'kubwerera kwawo. Kwawo kwa bambo kunali kumapiri a ku Ntchisi, kumene anachokako ine ndisanabadwe. Atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, anayankhula mwaulemu wonse, koma maso awo anali padimba limene bambo ankalima zaka zonsezo.

Bambo sanatsutse. Anangoti, "Ndamva, alamu. Koma ine pamudzi pano ndinabwera pa njinga yamoto, ndipo ndidzachokanso pa njinga yomweyo. Mundilole ndiikonze kaye."

Njingayo inali ya makedzana, ya nthawi imene bambo anali mlangizi wa zaulimi. Inali itagona m'chigafa cha fodya zaka zosawerengeka, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Atsibweni anavomera, poganiza kuti ndi nkhani ya mwezi umodzi.

Mvula inabwera kawiri, bambo akadali pamudzi. M'mawa uliwonse ankayala thumba pansi, kundandalika masipanala, kumasula ichi, kupukuta icho, kenako kubwezera. Akatero ankapita kudimba. Madzulo ankakhala pakhonde atayang'ana kumitengo ya kumanda kumene mayi anagona. Atsibweni akafunsa, yankho linali limodzi: "Yatsala pang'ono, vuto lili kumagetsi."

Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Dowa boma, ndipo ndinkadziyesa wodziwa zonse. Nditapita kumudzi pa tchuthi, ndinamva amayi kumjigo akuseka kuti ana amene akuyamwa adzakwatira njinga ya akamwini isanalire. Zinandipweteka kwambiri. Ndinaganiza kuti bambo akalamba, manja awafooka, ndipo akufuna kupita kwawo mwaulemu koma njinga ikuwachititsa manyazi. Ndinalumbira kuti ndiwachotsa chitonzocho.

Ndinayamba ndi thanki. Ndinathiramo timiyala ndi parafini, n'kuikhutchumula mpaka dzimbiri lonse linatuluka, kenako ndinathiramo petulo. Pulagi ndinaipala ndi sandipepa. Tcheni ndinachiviika m'oilo wakale, machubu ndinamata, ndipo gasiketi yong'ambika ndinadula ina pachikuto cha kope la kusukulu. Bambo ankakhala pachitsa kumandiyang'ana.

"Aphunzitsi, mukungotaya nthawi," ankatero. "Pitani kumawaya uko. Vuto lili kumagetsi."

Ndinafufuza mawaya masiku awiri osapeza kanthu. Pulagi inkathetheka bwinobwino.

Tsiku lachisanu, bambo ali kudimba, ndinamasula kabureta n'kupeza kuti ndi youma gwa, ngakhale fungo la petulo munalibe. Ndinazula paipi yochokera kuthanki, n'kuipemerera. Mpweya sunadutse. Nditapisamo waya, kanatuluka kamtengo kansungwi, kotalika ngati chala cha mwana, kosemedwa bwino ndi mpeni kuti katseke paipiyo ndendende. Ndinakayang'ana, n'kutukwana ana a m'mudzi chamumtima, n'kukataya pansi. Sindinadzifunse kuti ndi mwana uti angaseme kanthu mosamala chonchija. Uchitsiru wanga unafika pamenepo.

Ndinabwezera paipi, kutsegula petulo, n'kuponda. Kachitatu njinga inatsokomola, kenako inabangula, utsi kuti tolo m'chigafa monse. Nkhuku zinabalalika. Ine ndinkakoka moto dala kuti mudzi wonse umve, makamaka amayi a kumjigo aja.

Ndipo unamvadi. Oyamba kufika anali atsibweni, akumwetulira mano onse pamtunda. Pambuyo pawo panabwera bambo, khasu lili paphewa, matope kumiyendo.

"Yadzuka!" anafuula atsibweni. "Alamu, ndiye kuti ulendo wapsa."

Bambo anatula khasu. Anayang'ana njinga, kenako pansi. Anawerama pang'onopang'ono, kutola kamtengo kaja, kukapukuta pamalaya, n'kukaika m'thumba la pachifuwa. Apo m'pamene ndinazindikira amene anasema kamtengoko. Ndinazimitsa injini, koma zinali zitatha kale.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Sukulu ndi yabwino."

Sabata isanathe tinanyamuka. Maso a bambo anali atayamba kuchita khungu, choncho woyendetsa ndinali ine, iwo ali kumbuyo ndi kachikwama ka zovala ndi Baibulo. Dimba analisiya kabichi atayamba kumanga mitu. Tikudutsa pafupi ndi manda anandigwira paphewa. "Chepetsa moto," anatero. Ndinachepetsa mpaka njinga inafuna kuzima, koma mitengo ija inatsalirabe kumbuyo.

Njingayo inakwera zitunda za ku Ntchisi osadandaula ngakhale kamodzi, ndipo ndinadana nayo chifukwa cha zimenezo. Kwawoko anzawo onse anali atatha. Anatilandira mdzukulu wa mlongo wawo, mayi wachifundo ndithu, koma ankawatchula kuti agogo a ku Dowa. Anawapatsa kanyumba kamene ankasungiramo feteleza. Potsanzikana ndinafuna kupepesa, koma iwo anayamba ndiwo kuyankhula.

"Pita nayo njingayi," bambo anatero. "Ine ndafika."

Anakhalako mvula imodzi yokha. Anaikidwa komweko, mapiri angapo kutali ndi mayi. Pogawa zovala zawo, mdzukulu uja anapeza kamtengo kansungwi m'thumba la malaya, nafuna kukataya. Ndinamupempha kuti andipatse.

Njingayo ili kuseri kwa nyumba yanga mpaka lero, yofunditsidwa lona. Anyamata a kabaza amabwera kudzaisirira, ena amayesa kuiponda, koma siilira. Akandifunsa kuti chavuta n'chiyani, ndimawauza kuti vuto lili kumagetsi.