Tsiku limene tinapakira a Kapitawo

Choko chija ndinalemba ndine, ndipo atandipatsanso lero ndikhoza kulembanso.

Inali tchuthi, ndangobwera kuchokera ku sekondale, ndipo ndinapeza ganyu padoko la Chipoka. Sitima ya pamtunda inkatula katundu, amtengatenga nkumusenza mpaka m'baji, bwato lachitsulo losalala, ndipo kaboti ka injini kankakokera bajiyo ku sitima ya pamadzi imene inkaima kutali poopa mchenga. Ntchito yonseyi azungu ankaitcha thiranshipimenti, kutanthauza kuchotsa katundu m'chombo china nkumuika m'china. A Kapitawo athu ankalitchula liwuli atatulutsa chifuwa, ngati ndi dzina la mfunda wawo.

Anali bambo a kumtunda, ndipo nyanja ankaidziwa ndi maso okha. Zaka zonsezo padoko, phazi lawo silinapondepo m'bwato. Ankati akuopa kunyowetsa nsapato za kampani. Ife tinkavomera, poti nsapato ndi zinthu zamantha kwambiri.

Lamulo lawo linali limodzi: bokosi likalembedwa mtanda wa choko, linyamulidwe, wina asafunse za m'kati. Mkulu wina wachisilamu, wamtengatenga wakalekale, atafunsa tsiku lina chimene chinkanunkha m'bokosi, anamuchita khofi pamaso pa ana ake omwe. Choko anapatsa ine.

"Iwe wa sekondale, sukulu yako yonse ija ithere apa. Mizere iwiri, wina chopingasa. Ukwanitsa?"

"Ndiyesetsa, a Kapitawo. Tinaphunzirako pang'ono."

Masana akadya, iwo ankapita "kukayendera katundu". Kuyenderako kunkachitikira m'bokosi lalikulu lopanda kanthu momwe munabwera makina, atadzivundikira chivundikiro chake poopa ntchentche. Linali la matabwa otalikirana, mpweya wokwanira, mkonono nkumatulukira m'mipata. Tsiku limenelo ndinadutsapo ndi choko changa. Mizere iwiri, wina chopingasa. Ndinakwanitsa.

Amtengatenga atafika anaima, nkumvetsera. Mnyamata wina anati, "Koma katunduyu akupuma."

Mkulu uja anayang'ana mtandawo, anayang'ana ine, nkusisita tsaya lake. "Wafunsidwa ndi ndani iwe? Pali choko apa. Bisimilahi, gwirani m'makona. Mwaulemu, anyamata, ameneyu ndi wosweka."

Sindinaonepo katundu atanyamulidwa mwachikondi chotere. Palibe anaimba nyimbo ya ntchito. Analowa m'madzi mwakachetechete ngati opita kukaba, nkumuika m'baji pamwamba pa matumba a mchere. Ine ndinakwera nawo, poti wophunzira ayenera kuona mapeto a ntchito yake.

A Kapitawo anadzuka tili pakati pa madzi, mafunde atayamba kutivinitsa. Chivundikiro chinatukuka, mutu unatuluka, unayang'ana kumanja madzi, kumanzere madzi, nkubwereranso m'kati.

"Mayo ine! Ndani wachita zimenezi? Bwezani! Bwezani chinthuchi!"

"Pepani a Kapitawo," anatero mkulu uja, "katundu salankhula."

"Ndili ndi ana ine!"

"Ku Kotakota, komwe ikupita sitimayi, aliponso ana. Inshaala mukafika mawa."

Tinakafika mpaka m'mbali mwa sitima, chingwe cha winchi, makina okwezera katundu, chikulendewera pamwamba pathu. Mzungu wa m'sitima anasuzumira, naona a Kapitawo atakumbatira thumba la mchere, akutchula mayina a azimayi awo onse. Anafunsa amene analemba bokosilo. Choko chinali chidakali pakhutu panga.

Tinabwerera nawo. Koma baji siifika pouma, imaima pamadzi a m'chiuno, ndipo a Kapitawo anakana kutsika. Bwana wa padoko, ataimirira pamchenga nkumva nkhani yonse, anagamula kuti ganyu yanga yatha, ndipo popeza ndine ndinawakweza, ndiwatsitse ndekha, pamsana.

Ati chilango! Doko lonse linasiya ntchito, amayi ogulitsa usipa anabwera mothamanga, ine ndikubereka bambo wandevu, nsapato za kampani zili m'mwamba ngati nyanga.

"Pang'onopang'ono, mwanawe," ankanong'ona, atandikoleka pakhosi. "Usandigwetse, mwana wa achimwene."

Ndinadzera njira yakuya. Pena ndinkaima kuti ndipume, pena ndinkaterera mwadala. Zikoti za bambo anga zinandipeza kunyumba, koma pamsana panali patachita kale dzanzi, moti ndinangomva ziwiri zoyamba.