Wapampando wa Alimi a Njuchi ndi Apongozi Ake

Flossie Nangondo anabadwira ku Ntcheu, koma ukwati unamufikitsa m'mudzi wina wa kumpoto, kufupi ndi Thazima. Mwambo wa kuchimuna anachita kuuphunzira atakula, ndipo wophunzira mochedwa amausunga kuposa eni ake. Zaka khumi ndi zinayi sanatchulepo dzina la apongozi ake aamuna, a Hezron Chavula. Akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire n'kugwada. Mawu onse ankadzera mwa mlamu wake Lena.

Alimi a njuchi atamusankha kukhala wapampando, anthu anaomba m'manja, iye thukuta lili kamukamu. M'gulumo munalinso apongoziwo.

Ntchito anaidziwa pang'onopang'ono. Anaphunzira kuti munthu wamkulu sumudzudzula pagulu, umamutsatira kumunda kwake. Anaphunziranso kupatsa aliyense mbali yake momutchula dzina, chifukwa ukangoti "tiyeni tigwire ntchito," azibambo amayamba kupichira fodya. Koma a Chavula ankawatuma kudzera mwa Lena basi, ndipo chaka chonse ankaopa tsiku limene Lenayo adzasowe.

Tsikulo linafika mu Juni, nthawi yowotcheratu udzu mozungulira ming'oma kuti moto wolusa wa m'chilimwe usadzaipsereze. Lena anali atapita kuchigayo ku Katowo. Flossie anaimika anthu awiriawiri, aliyense ndi nthambi yaiwisi yozimitsira. Apongozi sanawauze poima. Akanayamba bwanji? Iwo anadzisankhira okha kutsetserekera kukhwawa, komwe kunali mng'oma wawo wakale.

Dzuwa litakwera, mphepo inatembenuka. Flossie anaona moto ukudumpha malire pafupi ndi chulu, n'kuyamba kutsikira kukhwawa kuja. Udzu wake unali wofika m'mapewa. Nkhalambayo inali itafulatira, ikumanga luzi pamng'oma.

Flossie anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kufuna woti amutume, koma onse anali patali, akulimbana ndi mbali zawo. Anayesa kuitana kuti adada, mawu n'kutuluka aang'ono ngati a mwana wodwala. Moto unkangothetheka. Apo m'pomwe anathamangira m'utsimo.

"A Hezron! Siyani mng'omawo, thawirani kumwala!"

Anatembenuka. Anathawa ndithu, koma malawi anali atawapeza kale. Dzanja lamanja linapsa kwambiri, moti mpaka lero zala zitatu siziwongoka.

Pamudzi panabuka manong'onong'o, akuti mkazi wa kummwera walaula mudzi. Flossie anakhala masiku atatu akudikira kuuzidwa kuti alongedze. Atatuluka m'chipatala, a Chavula anaitanitsa gulu lonse n'kulankhula ndi Flossie pamaso pa anthu, popanda wapakati.

"Amama, yewo chomene. Mukanakhala chete, bwenzi pano muli pamaliro. Chaka chamawa muzindiuza nokha poima."

Manong'onong'o anathera pomwepo. Anamusankhanso, ndipo masiku ano sayatsa moto asanawerenge anthu ake ndi kuuza aliyense kothawira. A magulu ena amabwera kudzaphunzira kwa iye, amati ndi mayi wolimba mtima.

Kuyamikirako n'komwe kumamupweteka. Palibe amene akudziwa kuti motowo anauona udakali pachulu, ndipo nthawi yothawa bwinobwino inalipo, iye n'kuithera kufunafuna womutuma. Akamaona apongozi akulephera kugwira kapu ya tiyi ndi dzanja lija, amazolika, anthu n'kumati ndi ulemu.