Kabokosi Kanagona M'nsapato Yanga

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga ndekha, ana anga asanadzauulule pamaliro anga. Miyezi yoyamba ku Perth ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti azungu a kuno ndi okhwima. Umboni ndinali nawo. Tsiku lina ndikuwongola miyendo m'kathengo ka kuseri kwa nyumba ku Mirrabooka, ndinaona mayi wina wa imvi atagwada patsinde pa bulugama. Anayang'ana uku, kuyang'ana uko, kenaka anasolola kabotolo m'mphako, kukatsekula, kulembamo zinazake, n'kukabwezera mwakachetechete. Ine ndinabwerera kunyumba chammbalimbali, ndipo sabata yonse njira imeneyo sindinaipondenso. Ndinauza mayi akunyumba kuti tisamale, kuno amakwirira nyanga masanasana.

Mwana wathu wamkazi, yemwe ndi nesi ndipo ndiye anatiitana kuno, anaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini. Ife tinabwera kudzangocheza miyezi itatu, koma korona anatseka zipata, ndege zinaima, tinangotsala ngati katundu woiwalika pa depoti. Mwanayo ndiye anatifotokozera kuti si ufiti ayi, ndi masewera. Dzina lake analitchula, jiyokashing'i, koma ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, lilime linakana. Mpaka lero ndimangoti zatimabokosi.

Masewerawo ali chonchi. Munthu amabisa kabokosi penapake, m'mphako, pansi pa mwala, kuseri kwa chikwangwani, n'kuika malowo pa foni. Aliyense wofuna amatsata foniyo mpaka akapeze. M'katimo mumakhala kapepala. Ukakapeza umalemba dzina lako ndi tsiku, n'kukabwezera pomwe unakapeza, mmene unakapezera, odutsa asakuone. Ndipo dzina lako likapanda kukhala papepalapo ndiye kuti sunapeze, ngakhale ulumbire utagwira Baibulo. Ndinafunsa kuti wopambana amalandira chiyani. Mwana anati palibe. Ine ndinati basi, anthu a kuno akhuta.

Korona anatilambalala tonse atatu, koma matenda a timabokosi anagwira mayi akunyumba. Mwana anawapatsa foni yake yakale, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo sipanakhalenso mtendere. Munthu amene kwathu ku Dedza amakana kudutsa paudzu kuopa njoka, ndinamuona ndi maso anga akukwawa pansi pa zitsamba, chitenje chili pamwamba pa thalauzi. Ine ntchito yanga inali kuyenda pambuyo nditanyamula botolo la madzi ndi sanitaiza, ndi kuthamangitsa ntchentche. Sindinkadandaula kwenikweni. Kunyumba kunalibe chochita, tinali titatha kale kukangana nkhani zonse zimene tinabwera nazo kuchokera kumudzi.

Vuto linabwera ndi nkhanga.

Kutchalitchi kwathu kunali bambo wina wa ku Zambia, mkazi wake anamwalira kale, amagwira ntchito yonyamula katundu ndi makina m'nyumba zosungiramo katundu ku Kewdale. Ine ndimamuposa zaka zingapo chabe, koma iye mimba alibe, ndipo shati amapisira ngakhale Loweruka. Zatimabokosi anayamba kalekale. Iye sankasaina ndi cholembera ngati ife anthu wamba. Anali ndi kachidindo kake kojambulidwa nkhanga. Kabokosi kalikonse kamene tinkatsekula, ku Mirrabooka kuno, ku Morley kuseri kwa siteshoni ya mabasi, kulikonse, nkhanga inali itafika kale. Ndipo nthawi zambiri inkakhala pamzere woyamba weniweni. M'masewera amenewa mphotho kulibe, koma ulemu ulipo umodzi: kukhala woyamba kulemba papepala loyera la kabokosi katsopano.

"Taonani abambo, nkhanga yatitsogoleranso," ankatero mayi akunyumba, mawu ali see kukoma. "Koma bambo amenewa ali ndi maso."

"Maso ndili nawonso ine, awiri."

"Anuwo amaona mbale yokha."

Masiku amene ankalola kusonkhana motalikirana, tikatuluka m'tchalitchi awiriwa ankaima panja pagalimoto yake, aliyense ndi foni m'manja, kuuzana zamphako ndi zamiyala. Anali ataima motalikirana ndithu monga mwa lamulo, sindinganame. Koma munthu wovala masiki kuseka kwake kumatulukira m'maso, ndipo maso a mayi akunyumbawo ine ndimawadziwa. Ndinayamba kuwaona ndine, zaka makumi anayi zapitazo, nkhanga isanatulukire n'komwe. Ndinkaima chapatali ngati mlonda, kumamwetulira anthu odutsa ndi masiki anga, m'kati mano ali gwa.

Chimene chinkandipweteka koposa sichinali maso akuthwa a bambo aja ayi, koma makhalidwe awo. Akuti bambo aja akachotsa tsamba pakabokosi amalibwezera tsamba lomwelo. Akuti akapeza pepala lanyowa amaliyanika, n'kuikamo lina la m'thumba mwake. Akuti sauza munthu pamene pali kabokosi ngakhale umuchonderere, kuti asakulande kukoma kopeza wekha. Ine denga la nyumba yathu ndinakhoma ndekha, ndinagwa kawiri, koma sindinayamikiridwepo ngati mmene ankayamikiridwira munthu wobwezera tsamba.

Ndiye kunabwera masiku aja anatitsekera m'nyumba nyengo yotentha, n'kutilola kutuluka ola limodzi patsiku kukawongola miyendo. M'mawa wina mayi akunyumba ali kubafa, foni yawo inalira patebulo. Ine ndinali nditaphunzira mwakabisira kuwerenga kamapu kaja, ndikunamizira kugona. Nditasuzumira ndinaona kuti kabokosi katsopano kangobadwa kumene, pafupi penipeni, pabwalo la mpira pamene pali benchi yachitsulo imene ndimapumirapo. Palibe anali atakapeza. Ndinkadziwa kuti nkhanga ili ku Kewdale mpaka masana. Ndinafafaniza kauthengako ndi chala, kuvala chipewa, n'kukuwa pakhomo la bafa kuti ndapita kukawongola miyendo.

Sindinathamangepo chonchija chichokereni ku Malawi. Ndinafika pabenchi ndikupuma ngati galu. Ndinafufuza muudzu, patsinde pa mtengo, m'mbali mwa mgolo wa zinyalala, ayi ndithu. Nthawi ikupita. Potsiriza ndinagwada, mawondo akulira, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa benchi ndikupemphera kuti akangaude a kuno andikhululukire. Chala chinagunda kanthu. Kachitini kakang'ono ngati ka fodya wosunkha, komatirira kuchitsulo ndi maginito. Ndinakatsekula. Pepala loyera mbee, lopanda nkhanga, lopanda ngakhale nthenga yake.

Ndinapisa m'thumba. Mpango, sanitaiza, siwiti imodzi yakale. Thumba lina, kiyi. Cholembera ndinalibe.

Ndinayesa kamtengo, kanangoboola pepala pakona. Ndinafinya udzu kuti mwina madzi ake alembe, koma udzu wa kuno nthawi yotentha ndi wouma ngati tsache. Kunadutsa mtsikana wina akuthamanga, ndinakweza dzanja kuti ndipemphe, koma iye ataona nkhalamba yogwada ikumukodola nthawi ya mliri, anazungulira patali ngati wapewa dzenje. Ola langa linali litatsala pang'ono kutha, ndipo kutuluka kawiri kunali koletsedwa. Ndikasiya kachitini, masana nkhanga ifika, idinde pamwamba, madzulo ine ndimvenso za maso ake.

Malamulo ndinkawadziwa onse, ndisanamizire sukulu. Ndinakaika m'thumba.

Kunyumba ndinapeza vuto lina. Nyumba ya anthu ophunzira, koma cholembera chimene chimalemba chinali chimodzi chokha, chobiriwira, chimene mwana wathu anachimangirira ndi chingwe pafiriji kuti azilembera masiku ake a ntchito pakalendala. Chingwecho anamanga chifukwa cha ine ndemwe, akuti ndimasowetsa zinthu. Ndipo mayi akunyumba tsiku limenelo anakhala m'khitchini ngati awalemba ntchito. Ndinalowa kuchipinda, n'kubisa kachitini m'nsapato yanga yakutchalitchi, kutsekapo ndi sokosi.

Masana anakaona kabokosi katsopanoko pafoni, anakuwa, kumanga chitenje, ulendo. Anandifunsa ngati ndipite nawo. Ndinati ola langa ndadya kale, ine ndi munthu womvera boma.

Anabwerako dzuwa litapendeka, mawondo ali mbuu ndi fumbi, tinthu tobaya tili m'chitenje monse.

"Palibe," anatero akudziponya pampando. "Ndafuna ola lathunthu. Bambo a ku Zambia aja anabweranso, atavala za kuntchito. Anachita kugona chagada pansi pa benchi, ndi bondo lawo lovuta lija. Palibe."

"Ayi, zoona? Ndi maso aja?"

Ndiulule: mpunga wa tsiku limenelo unandikomera kuposa wa paukwati wathu. Ndinkangoona nkhanga ili gada pansi pa benchi, shati yopisira ija ili m'fumbi. Ndinaonjezera kawiri.

Koma chimwemwe changa sichinafike ndi kumapeto kwa mbale. Mayi akunyumba anayamba kuwerenga pafoni. Mwini kabokosi anali atalemba kupepesa kwa onse, akuti n'koyamba kubisa, mwina walakwitsa penapake, wachita manyazi. Kenaka anawerenga zimene nkhanga inalemba.

"Tamvani abambo. Alemba poyera kuti afuna koma alephera, ndipo akuti vuto ndi maso awo, osati mwini wake. Ena akalephera amangokhala chete kuti asaoneke. Koma bambo amenewa ndi munthu."

Mwaona? Munthu ndamugonetsa m'fumbi, wadzukamo ndi ulemu woposa wa dzulo. Mbale ndinaikankhira patali.

M'mawa mwake ndinalawirira anthu asanadzuke. Ndinaima pafiriji, kutambasula kapepala, n'kulemba dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu, kudya mizere iwiri kuti nkhanga isowe poima. Pa tsiku ndinaima kaye kuganiza. Ndinapeza dzulo, nanga ndilembe lero chifukwa chiyani? Ndi thukuta langa. Ndinalemba tsiku la dzulo. Nzeru za Sitandade 5 zinathera pamenepo.

Pabwalo panali zii. Ndinagwada, kulowetsa dzanja, maginito anagwira kuti kha. Ndisanadzuke ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ba mudala, mwauka bwanji?"

Anali yemweyo, chikwama cha kuntchito chili paphewa. Anali atadzera pomwepo kuti ayesenso asanapite ku Kewdale.

"Ndadzuka, achimwene. Ndimamanga chingwe cha nsapato."

Tonse awiri tinayang'ana mapazi anga. Ndinali nditavala masilipasi.

Iye sanaseke. Anatembenuka, kundipatsa msana, n'kuyamba kuyang'ana magolo a mpira ngati akufuna kuwagula.

"Ine sininaone kanthu," anatero. "Mukasiliza muniuze."

Ndinadzuka pang'onopang'ono, kukhala pabenchi, n'kutsokomola. Iye anabwera, kugwada ndi bondo lake lovuta lija, kupisa dzanja kamodzi kokha, n'kutulutsa kachitini. Anawerenga dzina langa, anawerenga tsiku, nandiyang'ana pamwamba pa masiki nthawi yaitali ndithu. Ndinadikira kuti anene. Ndinali nditakonza kale mawu omuyankha, okhudza anthu oima panja pa tchalitchi ndi akazi a eni. Koma anangotulutsa kachidindo kake, kuuzira mpweya, n'kudinda nkhanga pansi pa dzina langa, bwinobwino, mosakhudza chilembo changa ngakhale chimodzi. Anabwezera kachitini. Kenaka anapisa m'thumba la shati, kutulutsa bolopeni yatsopano, kuipukuta ndi sanitaiza, n'kuiika pabenchi pakati pathu.

"Iyi ni yanu, ba mudala. Muzinyamula chabe."

Akanandimenya khofi ndikanachira msanga. Bolopeniyo ndinaitenga, nanga n'kutani, inali yabwino.

Masana mayi akunyumba anaona pafoni kuti kabokosi kapezeka, anapita. Anabwerako msanga. Sanakuwe, sananene za maso a munthu aliyense. Anaphika, tinadya, mwana anapita ku ntchito. Ine ndinkangoyankhula za kutentha, za ntchentche, za mtengo wa ndimu wa oyandikana nawo, iwo n'kumangoti "mhm". Nditatsuka mbale, chinthu chimene sindichita popanda mlandu, ndinawapeza ataima pafiriji. Anagwira cholembera chobiriwira chija, kuchikoka pang'onopang'ono mpaka chingwe chinathera, n'kuima pomwepo, pakati pa khitchini.

"Abambo, dzina lanu la inki yobiriwira ndaliona papepala paja, koma chingwechi ndachiyeza, sichifika kubenchi ija. Nsanje yanuyo ndinaiona kalekale, ndipo sindikubisirani, pamsinkhu uno imandikomera. Koma dzulo munandikwawitsa m'fumbi ola lathunthu, inu muli phee kudya mpunga, ndipo mwini wake wapepesa anthu pa mlandu wanu. Mawa mukafufuta dzina lanu ndi dzanja lanu, mukalilemba pansi pa nkhanga, pansinso pa langa, ndipo mawu opepesa munena inu, ine ndingolemba pafoni. Ndikuperekezani ndithu, chifukwa inu nokha mukhoza kubwerako ndi benchi yomwe."