Mbuzi imene Bambo anaipempherera okha

Ndili mwana, Msilamu amene tinkamudziwa ku Chintheche anali mmodzi yekha, atelala a ku Mangochi amene ankasokera pakhonde la sitolo. Nthawi yopemphera ikakwana ankayala thumba kuseri kwa sitoloyo, ife n'kumawasuzumira. Bambo anga, mkulu wa mpingo wosakonda zachibwana, ndiwo anali mnzawo wa ponda apa nane m'pondepo. Ankakangana za Mulungu pa bawo mpaka kuiwala kuti wotakata ndani, koma m'mawa mwake umawapezanso ali pomwepo.

Matipate atabwera, mabungwe a Chisilamu amene tinkangomva kuti ali kummwera anayamba kukwera ndi msewu wa kunyanja. Ukakwera minibasi ku Salima unkaona timizikiti tatsopano topaka utoto wobiriwira, kudutsa Nkhotakota, Dwangwa, mpaka kwathu. Bungwe lina linamanga mzikiti, lina linatsegula madrasa, lina linkagawa nyama pa Idi osafunsa kumene umapemphera. Atelala anataya thumba lija n'kudzisokera mkanjo woyera, ngakhale kayendedwe kanasintha.

Bungwe lina linadzakumba mjigo, ndipo mjigo umenewo ndi umene unatibweretsera mlamu. Anali mnyamata wa ku Nkhotakota, dalaivala wa lole ya okumbawo. Ntchito inatha, madzi anatuluka, koma loleyo inkangobwerabe, ati kudzaona ngati mjigo ukugwira bwino. Achemwali anga, amene chibadwire ankadana ndi ndowa, anayamba kutunga madzi mpaka tinasowa pothira.

Bambo anavuta, anavuta, kenaka anagonja atelala atawatsimikizira kuti mwana wawo sadzaletsedwa kupita kutchalitchi. Amene anatsala anali amalume ake a mnyamatayo, munthu wolemekezeka kumzikiti kwawo, amene sankafuna kumva za mkazi wa Chikhristu. Anangolola kubwera kudzationa. Tonse tinkadziwa kuti akadya pakhomo pathu ukwati ulipo, akabweza mbale ndiye kuti zathera pomwepo.

Bambo anagula mbuzi yonenepa kwa mlimi wina wa ku Kande. Atelala anawachenjeza kuti asaikhudze, abwera okha kudzaizinga mwa Chisilamu. Koma Bambo ndi kudikira sizinkagwirizana. Tsikulo analawira, anazungulira bwalo, anayang'ana kumsewu, atelala osaoneka. Ndinawaona akuvula chipewa, akutembenuza mbuzi kuti iyang'ane kumpoto monga ankaonera mnzawo akamapemphera, n'kuyamba pemphero la pa Sabata lenileni, lotchula odwala ndi apaulendo omwe. Atati ameni anatenga mpeni.

Atelala anafika n'kupeza chikopa chili padzuwa.

"Ada, mwachita chiyani?"

"Ndaipempherera, mwe!" anatero Bambo. "Pemphero lalitali kuposa lanu lija."

Atelala anakhala pamtondo n'kuseka mpaka misozi. Achemwali nawo misozi, koma yawo inali yeniyeni. Nyama yophedwa ndi Bambo alendo sakanaidya, ndipo nthawi yosaka mbuzi ina panalibe.

"Tingonena kuti mwazinga ndinu," Amayi ananong'oneza atelala.

"Ayi, ama. Pa chakudya sindinganamize munthu."

Amayi sanatayenso nthawi. Anamanga chitenje, ulendo wa kunyanja kwa alongo awo asodzi, n'kubwerako ndi nsomba za batala zodzaza beseni. Nsomba sifuna mpeni wa munthu aliyense. Akazi a atelala anabwereketsa mapoto awo, ndipo alendo pofika fungo linali litafika kale kumsewu.

Komabe mbuzi inali ikulendewera mumtengo wa mango, aliyense akuiona. Bambo anaimirira pamaso pa amalume aja, chipewa m'manja, n'kufotokoza zonse osasiyako kanthu, mpaka za kumpoto zija. Sindinawaonepo akuchita manyazi chotero.

Amalume anasisita ndevu. Kenaka anafunsa kuti, "Pempherolo linatalika bwanji?"

"Mpaka mbuzi inayamba kusinza," anayankha atelala.

Nkhalamba ija inayesa kudzigwira koma inalephera, inaphulika nako kuseka. Itapukuta m'maso inati, "Mukanakhala chete sindikanadziwa. Bweretsani madzi ndisambe m'manja."

Anadya batala, analimbana ndi kondowole amene ankawamatirira m'zala, anapemphanso wina. Mbuzi ija inathera m'mimba mwa a kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene mpaka lero amati Bambo ankadziwa kupempherera nyama.

Kuyambira tsiku limenelo Bambo sanaphenso chiweto pakhomo pathu, ngakhale nkhuku. Ankati ali ndi zidzukulu za mbali zonse ziwiri, ndipo safuna wina achoke ndi njala. Ankatuma uthenga kusitolo, n'kumayendayenda pabwalo akudandaula kuti telala ameneyu amachedwa.

Pa maliro a Bambo Asilamu anabwera ambiri, moti akulu a mpingo anachita kubwereka mabenchi kumadrasa. Anyamata odziwa kuzinga analipo ochuluka, ndipo anali atagwira kale mbuzi. Koma atelala, atakalamba, anawakankha n'kumasula mpeni wawo pakansalu.

"Patukani," anatero. "Lero lokha mnzangayu wandidikira."