Khutu Lotsala la Orval Tveit

Orval Tveit anabadwira pa famu ya tirigu kumpoto kwa Montana, ndipo mpaka lero sanachokepo. Ndi neba wanga. Ine ndimakonza mathirakitala, iye amawawononga, ndiye takhala tikufunana kuyambira tili anyamata. Khutu lake lamanzere linafa kalekale chifukwa cha makina okololera ndi mfuti. Ukafuna kumunena, umangoima kumanzere kwake n'kulankhula momasuka.

Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, Orval amakwera kumapiri kukasaka eliki, nyama zikuluzikulu zam'tchire zonga mphalapala. Imodzi yokha imadzaza firiji, banja n'kudya nyama mpaka chisanu kutha. Iye amasaka ndi khutu. Amakhala phee patsinde la mtengo, kumvetsera yamphongo ikulira kutsidya kwa chigwa. N'chifukwa chake zotseka m'makutu safuna kuziona n'komwe.

Mfuti yake inali ndi chitsulo kukamwa, chotalika ngati chala, cha tizibowo m'mbali. Umachipotokola pang'onopang'ono mpaka upeze pamene mpope wa mfutiyo sukunjenjemera mwachisawawa, zipolopolo n'kumagwera malo amodzi. Orval anathera chilimwe chathunthu pa ntchito imeneyi, ndipo atapeza poyenera anathira guluu m'mazinga kuti chisadzasunthenso. Ankachinyadira kuposa ana ake. Koma tizibowoto timabwezera phokoso kwa woombayo. Galu wake ankati akangoona mfutiyo, ulendo pansi pa galimoto.

Chaka chatha mkazi wake Darlene anamuchita opaleshoni ya pakhosi. Anachira, koma mawu anatsala kuchipatala. Mayi amene ankaitana ng'ombe ali pakhonde tsopano amangonong'ona. Kenako dokotala anamuyeza Orval n'kumuuza mosabisa kuti khutu lamanjalo latsala pang'ono, ndipo phokoso limodzi lalikulu likhoza kulimaliza. Ine nditamva ndinachita mantha. Mkazi wonong'ona ndi mwamuna wogontha m'nyumba imodzi, ana ali kutali, chisanu chitatseka misewu, azidzauzana bwanji kuti wina wagwa?

M'mawa wina Orval analowa m'garaja mwanga atakulunga mfuti m'bulangete.

"Lyle, chotsa chimenechi," anatero, akuloza chitsulo chija.

"Ine ndimadziwa mathirakitala, mdala iwe. Pita kwa okonza mfuti."

"Ali ndi ntchito mpaka Khirisimasi. Eliki zidikira zimenezo?"

"Ukagule zotseka m'makutu."

"Wati chiyani?"

Anali atamva bwinobwino. Ndinaona kaye kuti mulibe chipolopolo, n'kukulunga mpope ndi chikopa, n'kuupana pa tebulo la zitsulo. Ndinagwira sipanala n'kukoka. Chitsulocho sichinagwedezeke. Guluu uja anali atagwirizana ndi dzimbiri la zaka zambiri.

"Unathira botolo lonse kapena?" ndinamufunsa.

"Ndinkafuna chisadzachoke."

"Ndiye chakumvera."

Kukakamiza kwambiri, mazinga akanaphwanyika kapena mpope kupindika, mfuti n'kusanduka ndodo. Ndipo ndimamudziwa Orval: akanakabwereka ya mlamu wake, yomwe imalira kuposa yakeyi. Ndinayatsa moto wa gasi n'kumaudutsitsa pa chitsulocho kuti guluu afewe. Orval anawerama pafupi, khutu labwinolo litayandikira tebulo, ngati akufuna kumva guluuyo akusungunuka.

"Sunthira uko."

"Usaotche mfuti yanga."

"Ndati suntha!"

Sanasunthe. Fungo la guluu wopsa litamveka, ndinalumikiza paipi ku sipanala n'kutsamira ndi thupi lonse. Chitsulo chinamasuka mwadzidzidzi, paipi inandipulumuka, n'kukamenya mgolo wopanda kanthu umene unali pambali pa mutu wa Orval. Garaja yonse inalira.

Orval anagwira khutu n'kukhala pansi. Nkhope yake inayera.

"Orval! Ukundimva?"

Anandiyang'ana pakamwa, osati m'maso. Tinafuna kupulumutsa khutu, ndiye ndaliphanso ine ndi mgolo wa mafuta! Iye anayamba kutsegula ndi kutseka nsagwada. Patapita nthawi anati, "Mukulira belu umu." Ndinamufunsa dzina la galu wake, anayankha molondola. Ndinamufunsanso motsitsa mawu, sanayankhe.

Chitsulo chitazizira anachiika m'thumba, n'kunena kuti tipite kwawo tikayese mfuti. Popanda chitsulocho zipolopolo zikanagwera pena, ndiye ankafuna aone. Ndinamuuza kuti adikire belu lisiye. Anandipatsa khutu lamanzere.

Kuseri kwa nyumba yake kuli chulu cha dothi chimene amaomberapo. Anaika bolodi loti aliwombe, anabwerera, analowetsa chipolopolo. Darlene anatuluka pakhonde atavala jasi la mwamuna wake. Anatsegula pakamwa, ndinaona milomo ikuti "Orval," koma Orval sanatembenuke. Anaitananso, akugwira pakhosi chifukwa kumamupweteka. Mwamunayo anali kalikiliki kukonza mfuti paphewa.

Darlene anatsika masitepe, anafika kumanja kwa Orval, n'kulowetsa dzanja m'thumba la jekete la mwamunayo momwe munkaoneka chotupa. Anatulutsa chitsulo chija n'kuchizunguza m'manja.

"Ndiye ndi chimenechi," ananong'ona.

Orval anawerama. "Wati?"

Mayiyo anabwerera pakhonde osathamanga. Anagogoda chitsulocho pa mzati wachitsulo, ngo ngo ngo. Orval anatembenuka nthawi yomweyo. Darlene anamukodola, ndipo iye anapita, mfuti italoza pansi. Ine ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Ichi ndisunga ine," anatero Darlene, milomo itagunda khutu la mwamuna wake. "Kaombe. Ndikadzafuna madzi ndizidzagogoda. Koma zina zonse zimene ndimakuuza, sindidziwa kuti ndizidzagogoda bwanji."

Orval anatsegula mfuti, chipolopolo chinagwera mu udzu, ndipo sanachitole.

Chaka chino eliki anatipatsa ndi mwana wa mchemwali wa Orval. Orval anadandaula kuti nyamayo ndi yolimba, mnyamatayo sadziwa kusankha. Belu lija linasiya patapita masiku, koma khutu silinabwerere lonse. Ndikapita kukamwa khofi ndimawapeza atakhala mbali imodzi ya tebulo, Darlene kumanja, chitsulo cha tizibowo chili pafupi ndi mchere. Ndinafunsa ngati chimagwira ntchito.

"Sanagogodepo," anatero Orval. "Sindipita patali."