Achimwene Akufuna Kubisa Sola Kuseri kwa Thanki

Loweruka lapitali achimwene anga a ku Area 15 anandiitana kuti ndikawagwirire makwerero. Inde, ineyo, mayi wa ana akuluakulu, mawondo olira ngati chitseko chakale, ndikagwire makwerero! Ndinapita chifukwa ndinali nawo nkhani, ndipo munthu amene wakhala akukuzemba akakuitana yekha sufunsa kawiri.

Nkhani yake ndi iyi. Mwana wa achemwali athu, Tiyamike, wapeza banja. Akuchimuna anabwera kale kudzafunsira, zonse zinayenda bwino, chatsala n'kugwirizana tsiku la chinkhoswe. Wotiyankhulira mbali yathu ndi amalume ake a mwanayo, omwe ndi achimwene angawa. Koma chilekereni mvula, a Nkhoma, amalume ake a mnyamata, akaimba foni amangouzidwa kuti nambalayo sikupezeka. Ife tikawafunsa achimwene, yankho ndi limodzi: "Magetsi, abale anga, magetsi! Foni inazima."

Tsoka lawo, alamu anga, akazi awo, anatopa ndi makandulo. Mwezi watha analowa m'sitolo ina ku Old Town n'kugula kasola kakang'ono aka kobwera ndi batire yake, mababu ndi potchajira foni. Anakaikitsa padenga chakumaso kwa nyumba, pomwe dzuwa limaswera tsiku lonse. Aliyense wodutsa mumsewu amakaona kakunyezimira.

Ndinawapeza achimwene ali chire, kabudula ndi chipewa, sipanala m'manja.

"Tikasunthire kuseri kwa thanki ya madzi," anatero.

"Kuseri kwa thanki kuli mtengo wa mapeyala. Dzuwa likafikako bwanji?"

"Lizifika pang'onopang'ono. Ndikuopa akuba."

"Akuba ati, achimwene, mpanda wonsewu ndi agalu anu aja oluma ndi eni nyumba omwe?"

Anasuzumira kukhitchini kuopa alamu, kenako anatsitsa mawu. "Iwe, kanthu aka kandiyalutsa. Dzana mkulu wa mpingo wandifunsa chifukwa chake sindinayankhe za msonkhano wa komiti. Ndati foni inazima. Munthu uja wangoloza padenga."

Ndinaseka mpaka kutsamira khoma. Nditawafunsa za a Nkhoma, nkhope inachita tsinya. "Unkhoswe ulibe holide," anadandaula. "Lero ndi chinkhoswe, mawa akakangana za mchere m'ndiwo, foni kwa ine. Ndinapuma ntchito kuti ndipumedi, osati ndizikaweruza milandu ya ana."

Anakwera. Ine pansi, manja pamakwerero, maganizo ali kwa inu awerengi.

Tisanamizane. Kuzima kwa magetsi kwatizunza mumzinda muno, nyama kuola m'filiji, ana kulemba homuweki ndi tochi ya foni. Koma ndani mwa ife amene sanabisalepo kuseri kwa mdimawo? Lipoti la ku ofesi silinathe, magetsi. Wafika ku City Centre malaya ali makwinyamakwinya, magetsi. Apongozi aimba kuchokera kumudzi, magetsi. Ndipo kukoma kwake, palibe amene amakutsutsa, chifukwa nayenso akusunga bodza lomwelo kuti aligwiritse ntchito mawa. Ngakhale tsiku limene magetsi ayaka kuyambira m'mawa, timangonena kuti mbali yathu ino ndiye kunalibe.

Anthu ambiri amandifunsa ngati timasola iti tili ndi phindu. Ine ndili nako kwanga ku Area 3, ndiye ndikuuzani zimene ndaona. Kamayatsa mababu, kamatchaja foni, wailesi imalira. Koma musakapatse ntchito ya ng'ombe kali kambuzi. Mukabayako ayironi kapena ketulo kamangolira tswii n'kuzima, ndipo filiji musayerekeze n'komwe. Kukachita mitambo masiku angapo kamafooka. Fumbi la mu Okutobala likakuta galasi lake, wina akwere akapukute. Wogulitsa wachilungamo amakuuzani zonsezi musanatuluke m'sitolo.

Chimene sakuuzani n'chakuti kasola kamakhala padenga, poonekera, ndipo kamalengeza kwa mtundu wonse kuti m'nyumba muno foni sizima. Walira mvula walira matope. Mwafuna kuwala, landiraninso mafoni a abale.

Ndili mkati moganiza zimenezi, galimoto inaima panja pa geti. Mpanda wa achimwene ndi wautali, koma munthu ali padenga amaoneka mpaka kumsewu waukulu. Achimwene anali atamasula kale kasola kaja, atakakumbatira pachifuwa. Ndinangowaona auma thupi.

"Ndi a Nkhoma," ananong'ona. "Usayankhule, angadziwe kuti tilipo."

"Achimwene, muli padenga!"

A Nkhoma ndi munthu waulemu. Sanaimbe hutala, sanagogode. Ndinawaona pampata wa geti atatsika, jekete yawo yabwino, akuyang'ana m'mwamba modekha. Anatulutsa foni n'kuimba. Abale inu, m'thumba la kabudula wa achimwene munayamba kulira nyimbo ya kwaya, mokweza, batire yodzaza bwino ndi dzuwa la Mulungu. Tsiku limenelo anali ataiwala kuizimitsa. Manja onse ali pa sola, kuti aitulutse sangathe, kuti athawe palibe kolowera. Inalira mpaka vesi yonse kutha, agalu n'kumathandizira.

"Odi kumwambako!" anatero a Nkhoma. "Kapena magetsi abwera?"

Alamu anatuluka kukatsegula geti akupukuta m'manja, osadabwa ngakhale pang'ono, ndipo ndinadziwa amene anawauza alendowo kuti Loweruka bambo amakhala pakhomo. Kumbuyo kwawo kunatuluka Tiyamike. Ine sindinkadziwa kuti mwanayo wakhala ali kukhitchini m'mawa wonsewo, ndipo zenera la khitchini lili pafupi ndi pomwe tinaimika makwerero. Anamva zonse.

Anabwera n'kugwada pafumbi, patsinde pa makwerero, chitenje chake chatsopano. Sanalire ayi.

"Amalume, ngati simukufuna kundiyankhulira, mungondiuza, ndisamadikire. Kuchimuna ayamba kufunsa ngati kwathu kuli anthu."

Kuseka kwanga konse kunathera pomwepo. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa mwana ameneyu anakulira m'manja mwathu, ndipo amene ankamunyamula paphewa kupita naye kutchalitchi ndi omwewa anali padengawa.

Achimwene anabwezera kasola pamalo pake pomwe paja, chakumaso, n'kumanga mabawuti onse mosathamanga. Anatsika n'kumudzutsa mwanayo ndi dzanja lawo.

"Dzuka, mayi. Kwanu kuli anthu," anatero. Anatembenukira kwa akazi awo. "Tandipatseni thalauza ndi jekete. Sindingakambe za mwana wanga ndili mukabudula."

Tsiku la chinkhoswe linagwirizanidwa tiyi asanazizire. Nkhani imene inagona miyezi yonseyi sinatenge ngakhale nthawi yophika mbatata. A Nkhoma potsanzika anangoti, "Tiziimba," achimwene n'kuyankha mofatsa kuti, "Muziimba, ikhala yoyaka."

Ndiye mukandifunsa ngati kasola n'koyenera kugula, ndikuti gulani, makandulo atiwotchera makatani okwanira. Koma musanapite ku Old Town, taganizirani za m'bale wanu uja amene wakhala akukuimbirani osakupezani. Foni ikadzakhala yodzaza tsiku lililonse, mudzamuuza kuti chazima n'chiyani?