Chithunzi cha TV yozima

Anzanga, munthu ameneyu ndinadziwana naye chifukwa chomutukwana. Ndikanadziwa, ndikanangopitiriza kutukwanako.

Tili ndi group ya anthu 43, tonse openga ndi sewero lina la pa TV limene limayamba 6 koloko madzulo. Ambiri sitinaonanepo maso ndi maso, koma timadziwana mpaka mtundu wa makatani. Lamulo lake ndi loti sewero likangoyamba, aliyense ajambule TV yake n'kuponya pa group. Timati kulembetsa register. Magetsi akakuzimira umajambulabe TV yozimayo, kuti amene akuonera azikufotokozera.

Tsiku lina ndinachedwa ku salon. Ndikutsegula foni mu minibasi, wina walemba kale mmene episode yathera!

"Galu ameneyu ndi ndani?" ndinalemba pa group pomwepo.

Anali mnyamata wina amene timamutcha Makaniko. Anabwera ku inbox.

"Pepani madam, galuyo ndine. Ndipepese bwanji?"

"Ukhale chete sabata yonse."

"Pa group ndikhala chete. Kuno ayi."

Ndinaseka... ndipo ndinalakwitsa pomwepo.

Patatha mwezi anabwera ku salon, atavala ovololo ya buluu, zikhadabo zili bii ndi oilo. Anakhala pa benchi maola awiri kudikira kuti ndimalize kuluka kasitomala. Anatikonzeranso draya imene inatha miyezi ikungolira osatentha. Mkulu wanga, mwini salon, anandinong'oneza kuti, "Ameneyu usamutaye." Mpaka lero mkulu wangayo ndikumuyang'ana ndi diso lofiira.

"Koma pa group tisanene, babe," anatero Makaniko. "Anthu amajelasa."

Ndinavomera. Ndinkaona ngati ndi chikondi chokhwima.

Kenako anayamba kudandaula kuti ku galaja ntchito yachuluka, 6 koloko ikumamupeza ali pansi pa galimoto. Ndiye ine chitsiru ndinasanduka wailesi yake. Sewero likayamba ndinkaika foni pakamwa, kumujambulira ma voice note, uku ndikusintha mawu, apa mkazi, apa apongozi, mpaka kulira kumene. Miyezi itatu, anzanga! Mapoto anga onse anapserera.

"Iwe umaposa TV," ankatero.

Pa group pomwepo pali mtsikana wina, timamutcha Kadona. TV yake ndi yaikulu ngati chitseko, ndipo amayamba ndi iye kulembetsa register kuti tonse tiione. Ankanditcha "sis". Tsitsi lake litayamba kuthothoka, ndine amene ndinamuuza mafuta ogula. Ndikakumbukira mutu umatentha.

Lachinayi lapitali inali episode ya ukwati, imene tinaidikira chaka chonse. Zili pakati, mbali ina magetsi anazima. Zithunzi za ma TV akuda zinayamba kugwa pa group. Kadona naye anaponya chake: "Guys ndafa ine, tafotokozani!!"

Nthawi yomweyo uthenga unalowa ku inbox. Makaniko.

"Babe ndili pansi pa lole. Tandiuza, wavomera kapena wathawa?"

Ndinali nditayamba kale kujambula pamene maso anagwera pa chithunzi cha Kadona. Anzanga, TV yozima ndi galasi. Ndinachikulitsa ndi zala. Kadona uyo, foni m'manja. Pambali pake pa sofa, mwamuna wavula nsapato, miyendo ili patebulo, mbale ili pamimba, ovololo ya buluu wamanga m'chiuno.

Lole yake inali imeneyo.

Ndiye kuti voice note yangayo akanamvera awiri, atatsamirana. Ndinamuimbira pomwepo.

"Uli kuti?"

"Ndanena kale, ku galaja."

"Galaja yanuyo munaikamo liti makatani a pinki?"

Ndinangomva mawu a mkazi chapansipansi, "Ndani ameneyo?"

"Babe, sizili mmene ukuganizira..."

"Usanditchule babe chakudya cha mwini chili m'kamwa. Meza kaye."

Ndinadula. Ndinatenga chithunzi chija, kuzunguliza nkhope yake ndi mzere wofiira, n'kuponya pa group: "Kadona, mlendo wakoyu sanalembetse register."

Ndinkaganiza kuti group iyaka moto, anthu andiikira kumbuyo. Onse anali online, onse anaona, palibe anatsokomola. Patapita mphindi zisanu wina analemba, "Guys, nanga mkwatibwi wavomera?"

Amene anandiimbira ndi Anti Admin, mayi amene anayambitsa group, amene ndinkawauza ngakhale za matenda a mayi anga.

"Mwana wanga, chotsa chithunzicho. Group ino ndi ya sewero."

"Anti, koma mwaona zimene andichita? Munthuyu ndi chibwenzi changa."

"Iii, timadziwa. Ifetu timaganiza kuti nawenso ukudziwa za Kadona. Ajatu anayamba kalekale."

"Mumadziwa bwanji za ine? Sitinauze munthu."

"Si ma voice note ako aja Makaniko amatiponyera ku group inayo? Koma umatha kufotokoza mwana iwe, timaseka mpaka misozi."

"Group inayo iti, anti?"

Anangoti netiweki ikuvuta. Ndisanaganize n'komwe zotuluka ndekha, anali atandichotsa pa group.

Za Makaniko ndilira sabata imodzi basi, anthu ngati iye ali mbwee, ndipo Kadona amusunge, akuyenerana. Chimene chikundiwawa ndi ichi: voice note iliyonse ndinkamaliza ndi mawu akuti "ndakusowa, udye kaye usanagone." Anthu onse aja ankamvera zimenezo, kuseka, m'mawa n'kudzandilembera "morning sis" ndi timitima tofiira.

Anzanga, kusekera limodzi si chibale. Ine ndinkati ndili ndi anzanga oonera nawo sewero, osadziwa kuti iwo akuonera masewero awiri.